Anakuchotsani usilikali wa America ponena kuti muli ndi personality disorder? Mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la asilikali akale a dziko la America amene pa chikalata chawo chotulukira usilikali panalembedwa mawu akuti "Personality Disorder", komanso la akazi awo, amuna awo, makolo ndi ana awo. Ena mwa anthu akwathu okhala ku America analowa usilikali wa kumeneko, pakuti munthu wokhala ndi green card amaloledwa kulembetsa ngakhale asanakhale nzika. Malamulo amene tikufotokoza pano ndi a America okha, sakhudza amene anatumikira mu British Army kapena m'magulu ankhondo a kwathu kuno. Ndiponso zolembedwazi sizingalowe m'malo mwa loya amene wawerenga fayilo yanu.

Kuchotsedwa chifukwa cha personality disorder n'kutani?

Madokotala a matenda a maganizo akamati personality disorder amanena kaganizidwe ndi kakhalidwe kokhazikika kamene kamamusowetsa munthu mtendere pa ntchito ndi pakati pa anzake, kamene kanayamba iye akali wachinyamata ndipo sikasintha ndi nyengo. Buku limene iwo amatsatira popima odwala, DSM, limanenetsa kuti chiyambi cha vutoli chiyenera kuoneka pa unyamata kapena munthu atangokula kumene. Igwiritseni mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Vutoli silibwera ndi bomba, silibwera ndi kugwiriridwa, siliyamba mwadzidzidzi munthu atatumikira bwino zaka zisanu.

Unduna wa Zachitetezo wa America umaliona ngati vuto limene munthu anachita kulowa nalo usilikali, osati kulumala kobwera ndi ntchito. Choncho msilikali akalembedwa kuti ali nalo, komanda wake angathe kumuchotsa kudzera m'maofesi chabe, osamupititsa ku Medical Evaluation Board ndi Physical Evaluation Board, mabodi awiri amene amayeza ngati munthu walumala ndi kuti alipidwe zingati. Ku Army ndime imene inkagwiritsidwa ntchito inali Chapter 5-13 ya lamulo la AR 635-200, ndipo asilikali ankangoti "wapatsidwa 5-13". Njira ya mabodi a madokotala imadya miyezi yambiri. Ya m'maofesi chabe ija imatha m'masabata ochepa.

Koma chikalata changa chimati "Honorable". Ndiye ndataya chiyani?

Ambiri ochotsedwa motere amatulukadi ndi Honorable kapena General, ndipo n'chifukwa chake ena amakhala zaka osadziwa kuti analakwiridwa. Tengani DD Form 214 yanu, chikalata chotulukira usilikali chija, kope lalitali lija lolembedwa Member 4. Bokosi la 24 limanena za mbiri ya utumiki wanu. Koma yang'anani pansi pake: bokosi la 26 lili ndi zilembo zitatu, kawirikawiri JFX, la 27 limanena ngati mungabwererenso ku usilikali, la 28 ndi limene lili ndi chifukwa chimene anakuchotserani, cholembedwa poyera. Chikalata chimenechi ndi chomwe mumapereka pofunsira ntchito ya upolisi, ya boma kapena ya ulonda, ndipo bwana aliyense amawerenga mawu awiri aja asanakuoneni n'komwe.

Pa ndalama, kusiyana kwake n'kwakukulu. Msilikali amene mabodi a madokotala amupeza kuti sangapitirize ntchito, kulumala kwake n'kufika 30 peresenti kapena kuposa, amapumitsidwa ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi komanso inshulansi ya chipatala ya Tricare ya iye ndi banja lake. Kukakhala kochepera apo amalandira ndalama ya kamodzi. Wochotsedwa ndi personality disorder salandira chilichonse mwa ziwirizi. Nthawi zina amauzidwanso kuti abweze gawo la bonasi imene analandira polembetsa, poti sanamalize zaka za mgwirizano. Ndipo ngati anatuluka asanakwanitse miyezi 24, zithandizo zina za VA, unduna woona za asilikali akale, zimamuvuta kupeza, pomwe wochotsedwa chifukwa cha kulumala lamulo la miyezi 24 silimukhudza.

Kodi pali umboni woti njirayi inagwiritsidwa ntchito molakwika, kapena ndi madandaulo chabe?

Umboni ulipo, ndipo wina unachokera ku boma lomwelo.

Nkhaniyi inatulukira poyera mu 2007 pamene mtolankhani Joshua Kors analemba m'magazini ya The Nation za msilikali Jon Town. Mu Okutobala 2004, ku Ramadi m'dziko la Iraq, chida choponyedwa ndi adani chinaphulika pafupi ndi pamene Town anaima. Makutu ake anawonongeka, anayamba kuiwalaiwala ndi kusowa tulo, ndipo anapatsidwa mendulo ya Purple Heart, imene imaperekedwa kwa ovulala kunkhondo. Koma mu 2006, ku Fort Carson m'chigawo cha Colorado, anamuchotsa ndi 5-13. Zinali ngati kumuuza munthu amene wathyoka mwendo pa ntchito kuti anabadwa wotsimphina. Mu Julayi 2007 Town anakaima pamaso pa komiti ya Congress, Nyumba ya Malamulo ya America, yoona za asilikali akale n'kufotokoza zimene zinamuchitikira, ndipo maseneta angapo, kuphatikizapo Kit Bond ndi Barack Obama, anayamba kupanikiza Unduna wa Zachitetezo.

Mu Okutobala 2008 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ntchito za boma, GAO, inatulutsa lipoti lake. Inapeza kuti kuchokera mu Novembala 2001 kufika mu Juni 2007 asilikali pafupifupi 26,000 anachotsedwa motere, ndipo pafupifupi 2,800 mwa iwo anali atatumizidwako ku nkhondo za Iraq ndi Afghanistan. Itatsegula mafayilo a pa misasa ingapo, inapeza kuti pena mafayilo 40 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankasonyeza kuti mfundo ina yofunikira ya lamulo inatsatidwa. Kenako bungwe la Vietnam Veterans of America, mothandizidwa ndi ophunzira zamalamulo a ku Yale, linasumira undunawo mu 2010 kuti utulutse zikalata, ndipo mu 2012 linalengeza kuti ochotsedwa pakati pa 2001 ndi 2010 anaposa 31,000.

Sitikunena kuti onse 31,000 anawanamizira. Ena analidi ndi vutoli, makamaka amene linaonekera m'miyezi yoyambirira ya maphunziro a usilikali. Koma munthu amene anayezedwa polowa n'kupezeka wabwino, anakwezedwa udindo, anatumizidwa kunkhondo atanyamula mfuti, kenako n'kuuzidwa atabwerako kuti anali wodwala chiyambire, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti vutolo linabisala kuti zaka zonsezo.

Malamulo sanasinthe kuchokera nthawi imeneyo?

Anasintha mu Ogasiti 2008. Kuyambira pamenepo, ngati msilikali anatumikirako kumalo a nkhondo, zimene dokotala woyamba wapeza ziyenera kutsimikizidwa ndi katswiri wina, kuvomerezedwa ndi mkulu wa madokotala a nthambi yonse ya usilikali imene iye ali (monga Army kapena Navy), ndipo ziyenera kufotokoza ngati munthuyo alibe PTSD, matenda a maganizo amene amabwera munthu akakumana ndi zoopsa. Chiwerengero cha ochotsedwa ndi personality disorder chinatsika kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi yomweyo chiwerengero cha ochotsedwa ndi adjustment disorder chinakwera. Dzina limeneli limatanthauza kulephera kuzolowera zovuta zimene zagwa kumene, ndipo nalonso kawirikawiri silibweretsa penshoni. Mu 2015 GAO inapezanso kuti nthambi zitatu mwa zinayi sizinkatha n'komwe kuwerenga kuti ndi angati achotsedwa pa zifukwa za maganizo, chifukwa ambiri ankangolembedwa kuti "Condition, Not a Disability". Ngati pa bokosi lanu la 28 pali mawu amenewa, zambiri za pa tsamba lino zikukukhudzani.

Ine sindinapite kunkhondo. Ndinachitidwa nkhanza zogonana ndili pa ntchito, nditadandaula ndi pamene anandilemba matendawa. Kodi nkhani yanga imveka?

Imveka, ndipo simuli nokha. Mu Meyi 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za asilikali, akazi ndi amuna omwe, amene atanena kuti agwiriridwa anatumizidwa kwa dokotala wa maganizo n'kuchotsedwa ndi personality disorder. Chipongwe chake n'chapawiri: munthu wataya ntchito, ndipo dzina la matenda limene wapatsidwa limachititsa kuti aliyense akayikire zimene akunena. Mantha, kupsa mtima msanga, kusakhulupirira anthu ndi kudzipatula ndi zizindikiro zodziwika za munthu amene wachitidwa nkhanza, koma dokotala amene wakhala naye kwa mphindi zochepa, atamva kale mbali ya komanda, angazilembe mosavuta ngati khalidwe lobadwa nalo.

Malangizo a masiku ano amavomereza kuti ambiri sanena nkhanza zotere pa nthawi imene zachitika. Simufunika lipoti la apolisi kapena chigamulo cha khothi. Bodi younika pempho lanu lokonza chikalatacho imaloledwa kuona zizindikiro zina: kupempha kusamutsidwa mwadzidzidzi, ntchito kulowa pansi, kuyamba kumwa mowa kwambiri, kukayezetsa mimba kapena matenda opatsirana pogonana, ngakhalenso zimene munauza mchemwali wanu kapena abusa anu nthawi imeneyo.

Ndipite ku bodi iti?

Pali makomo awiri, ndipo kusankha lolakwika kumatayitsa nthawi yambiri.

Loyamba ndi Discharge Review Board. Army ili ndi yake, Air Force ili ndi yake, Coast Guard yake, ndipo ya Navy imaonanso za Marine Corps. Mumalemba DD Form 293 pasanathe zaka 15 chitulukireni. Bodi imeneyi ingasinthe mbiri ya utumiki, chifukwa cha pa bokosi la 28 ndi zilembo zoyendera limodzi nacho. Imafunsa zinthu ziwiri: ngati kuchotsedwa kwanu kunatsata malamulo, ndiponso ngati kunali kwachilungamo. Muli ndi ufulu wokaonekera pamaso pake, ndipo masiku ano zimatheka pa foni kapena pa vidiyo. Chimene singachite ndi kukusinthirani kuti mukhale wopumitsidwa chifukwa cha kulumala.

Lachiwiri ndi Board for Correction of Military Records, imene ku Navy ndi Marine Corps imatchedwa Board for Correction of Naval Records. Kumeneko mumalemba DD Form 149. Mphamvu zake n'zokulirapo: ingakonze cholakwika kapena chopanda chilungamo chilichonse m'fayilo, kufafaniza ngongole ya bonasi, kutumiza nkhani yanu ku mabodi a madokotala, ngakhale kulamula penshoni. Nthawi zambiri imagamula pongowerenga mapepala, osakuitanani.

Mwachidule, ngati zaka 15 sizinathe ndipo mukungofuna kuti mawu aja achoke, yambani ndi DD 293. Ngati zinatha, kapena mukufuna penshoni ya kulumala, pitani ndi DD 149.

Ndinatuluka kalekale. Kodi nthawi sinandithere?

Malire a zaka 15 a bodi yoyamba sasunthika. Bodi yachiwiri ili ndi malire a zaka zitatu kuchokera pamene munazindikira cholakwikacho, koma lamulo limailola kuwanyalanyaza ngati chilungamo chikufuna kutero, ndipo malangizo amene Brad Carson, mmodzi wa akuluakulu a Unduna wa Zachitetezo nthawi imeneyo, anasaina mu Febuluwale 2016 anauza mabodi kuti azitero pa nkhani za PTSD ndi kuvulala kwa ubongo. Asilikali a nkhondo ya ku Vietnam akupemphabe mpaka lero.

Ndipemphe chiyani kwenikweni?

Lembani momveka, chimodzichimodzi, chifukwa bodi kawirikawiri imayankha chimene yafunsidwa basi. Ambiri amapempha kuti bokosi la 28 lisinthidwe kukhala "Secretarial Authority", mawu osaulula chilichonse, ndi kuti zilembo za pa 25, 26 ndi 27 zisinthidwe mogwirizana nalo. Ngati munapatsidwa General, pemphaninso Honorable, pakuti thandizo la sukulu la Post-9/11 GI Bill limafuna Honorable yeniyeni. Pemphani DD 214 yatsopano, osati kapepala kokonzera kokha, kuti mawu akale asaonekenso. Musaope kuti pempho lingaipitse zinthu: mabodi awa satsitsa mbiri ya munthu amene wabwera kudzapempha.

Anthu amatchula "liberal consideration". N'chiyani chimenechi?

Mwa chizolowezi bodi imayamba ndi maganizo akuti akuluakulu a usilikali anachita zonse molongosoka, ndipo ndi inuyo woti muonetse kuti sizinali choncho. Kwa zaka zambiri zimenezi zinkachititsa kuti pafupifupi mapempho onse a asilikali a ku Vietnam onena za PTSD azikanidwa, makamaka poti matendawa analowa m'buku la madokotala mu 1980, nkhondoyo itatha kale. Mu Malichi 2014 Conley Monk, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam, ndi anzake anasumira boma, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Nduna ya Zachitetezo Chuck Hagel inalamula mabodi kuti aziunika nkhani za PTSD ndi mtima wofewa, osaumirira umboni umene sukanatheka kupezeka.

Kalata yofunika kwambiri kwa inu ndi ya Anthony Kurta, mkulu wina wa mu Unduna wa Zachitetezo, ya pa 25 Ogasiti 2017. Inafutukula lamuloli kuti likhudze matenda ena a maganizo, kuvulala kwa ubongo ndi nkhanza zogonana, ndipo inanena poyera kuti limagwiranso ntchito pa kusintha chifukwa cha pa bokosi la 28. Inanenanso kuti mawu a msilikali mwini, olembedwa kapena apakamwa, angakhale okwanira kusonyeza kuti vutolo linalipo. Inapereka mafunso anayi amene bodi iyenera kuyankha: kodi munthuyu anali ndi matenda kapena anakumana ndi chinthu chimene chingachepetse mlandu wa kuchotsedwa kwake, kodi zinachitika ali pa usilikali, kodi zikuchepetsadi mlanduwo, ndipo kodi n'zolemera kuposa chifukwa chimene anamuchotsera. Konzani pempho lanu motsatira mafunso anayi amenewa, ndipo itchuleni kalatayo ndi dzina. Mu Julayi 2018 Robert Wilkie, mkulu winanso wa mu undunawo, anawonjezera malangizo olola bodi kuganiziranso za moyo wanu chitulukireni: ntchito, sukulu, kusiya mowa, kulera ana.

Ndi umboni wotani umene umasintha maganizo a bodi?

Umboni wosonyeza nthawi. Ntchito yanu ndi kuwaonetsa anthu asanu kapena atatu amene sanakuonenipo kuti munali munthu wotani kale, chinachitika n'chiyani, ndipo munasintha liti. Personality disorder iyenera kuyambira pa unyamata, choncho pepala lililonse losonyeza unyamata wabwinobwino likutsutsa zimene analemba.

Yambani ndi fayilo yanu yonse ya usilikali ndi ya chipatala. Mungaiitanitse ndi fomu ya SF-180 ku National Personnel Records Center mumzinda wa St. Louis, kapena pa intaneti kudzera ku milConnect ngati munatuluka m'zaka zaposachedwa. Zolemba za dokotala wa maganizo nthawi zambiri zimasungidwa padera, ndiye zitchuleni mwapadera popempha. Fayilo ikabwera, yang'anani kuyezedwa kwa tsiku lolowa usilikali: ngati sanalembepo vuto la maganizo, chimenecho n'chida. Yang'anani malipoti a mabwana anu chaka ndi chaka, kukwezedwa udindo, mamendulo, chilolezo chodziwa zinsinsi za boma ngati munali nacho. Kenako onani pamene zinthu zinayamba kupotoka, n'kuyerekeza ndi tsiku la bomba, la ngozi kapena la nkhanza.

Onaninso ngati iwo anatsata malamulo awo. Anakupimani ndani, dokotala wa maganizo weniweni kapena munthu wa udindo wocheperapo? Anakuonani kangati, kwa nthawi yaitali bwanji? Anafunsako za ubwana wanu, kapena kulankhula ndi makolo anu? Analemba kuti vutolo ndi lalikulu moti simungagwire ntchito? Anakulangizani polemba n'kukupatsani mpata wosintha? Ngati munachokera kunkhondo pambuyo pa 2008, kodi katswiri wachiwiri ndi mkulu wa madokotala anasaina? Pepala limodzi losowa pamenepa lingapambanitse nkhani yonse.

Chida champhamvu koposa ndi kalata ya dokotala wa maganizo wa lero, wa ku VA kapena wapadera, amene wawerenga fayilo yakaleyo. Asangolemba kuti muli ndi PTSD. Afotokoze chifukwa chake akuona kuti zizindikiro za nthawi ija zinali za PTSD kapena kuvulala kwa ubongo, ndi chifukwa chake mbiri yanu sikugwirizana ndi personality disorder.

Kwa amene munakulira ku Malawi, Zambia kapena Mozambique musanapite ku America, umboni wa unyamata wanu uli kumudzi. Malipoti a ku sekondale, satifiketi ya MSCE kapena ya Grade 12, kalata ya aphunzitsi aakulu, ya abusa, ya shehe kapena ya bambo mfumu amene anakudziwani muli mwana, zonsezi n'zofunika. Mayi anu, amalume kapena achimwene anu alembe zimene anaona ndi maso awo, osati kungoti "ndi mwana wabwino". Anene kuti munali ndi anzanu, munkatsogolera kwaya kapena timu ya mpira, munkasamala azing'ono anu, ndi kuti mutabwera kutchuthi kuchokera kunkhondo munkadzidzimuka chitseko chikamenyetseka ndipo simunkagona. Kalata yolembedwa m'Chichewa imasuliridwe m'Chingerezi, womasulira asaine, ndipo zonse ziwiri zitumizidwe.

Pomaliza, mawu anu. Alembeni nokha, mwa dongosolo la nthawi, osabisa zimene munalakwitsa ngati zilipo. Kulemba zimenezi kumadzutsa mabala, ndiye musachite muli nokhanokha usiku. Khalani ndi mlangizi kapena m'bale pafupi.

Ndinasaina ndekha kuvomera kuchotsedwa. Kodi sindinadzitsekere khomo?

Ayi. Asilikali ambiri anachitira umboni kuti anauzidwa zoti akasaina apita kwawo msanga ndipo zithandizo zawo zonse zikhalapo. Munthu wodwala, wotopa, amene bwana wake wamuimirira pambali, kusaina kwake sikutsimikizira kuti matenda analembedwa molondola. Fotokozani amene anakuuzani, zimene ananena ndi mmene munalili tsiku limenelo.

Kodi ndidikire chigamulo cha bodi ndisanapite ku VA?

Musadikire. Apa ndi pamene anthu ambiri ataya zaka ndi ndalama. N'zoona kuti malamulo a VA salipira chipukuta misozi pa personality disorder payokha. Koma VA simangidwa ndi zimene dokotala wa usilikali analemba. Ngati muli ndi Honorable kapena General, lembani VA Form 21-526EZ lero, mutchule PTSD, kuvutika maganizo kapena kuvulala kwa ubongo, ndipo adzakupimani okha. Malamulo omwewo amavomereza kulipira matenda ena a maganizo amene abwera pamwamba pa personality disorder. Kawirikawiri ndalama zimawerengedwa kuyambira tsiku limene mwapempha, choncho mwezi uliwonse wochedwa ndi wotayika. Ndipo VA ikavomereza kuti matenda anu anachokera ku usilikali, chigamulo chimenecho chimakhala umboni wolemera pamaso pa bodi.

Amene muli ndi Other Than Honorable musagwe mphwayi. VA imaunika payokha mbiri ya utumiki wanu, ndipo mu Juni 2024 inafewetsa malamulo ake kuti iziganizira zovuta zimene zinamukankhira munthu ku zolakwa. Chithandizo cha kuchipatala cha ochitidwa nkhanza zogonana pa usilikali n'chaulere, ndipo sichifuna kuti munthu akhale kuti ananena pa nthawiyo.

Nanga penshoni ya kulumala, n'zotheka kuipeza patapita zaka?

N'zotheka, koma ndi phiri lalitali kuposa kusintha mawu. Muyenera kusonyeza kuti pa tsiku lotuluka matenda anu anali atafika poti simukanatha kugwira ntchito ya udindo wanu, osati kuti anakula pambuyo pake. Nkhani ya Robert Doyon ndi yolimbikitsa. Iye anali wa Navy pa nkhondo ya ku Vietnam, anachotsedwa mu 1968 ponena kuti ali ndi personality disorder, ndipo patapita zaka zambiri VA inamupeza ndi PTSD. Bodi ya Navy inamukana, koma mu 2023 khothi la apilo la Federal Circuit linagamula kuti bodiyo inkayenera kuunika pempho lake ndi mtima wofewa uja. Mu Epulo 2024 Unduna wa Zachitetezo unatulutsa malangizo ena ogawa nkhani pawiri: kufewa kugwire ntchito pa chifukwa cha kuchotsedwa, koma funso loti munthu anali wolephera ntchito liyezedwe palokha ndi umboni wachipatala. Pempho la mtundu uwu musalichite popanda loya.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi ndalama zingati?

Kupereka fomu n'kwaulere. Lamulo limati mabodi okonza mafayilo amalize nkhani 90 pa 100 zilizonse m'miyezi 10 ndipo zonse m'miyezi 18, koma kudikira kopitirira apo kumachitika. Pa nkhani za maganizo bodi imafunsa maganizo a katswiri wake, n'kukutumizirani zimene walemba kuti muyankhe, kawirikawiri m'masiku 30. Kalata imeneyi musaigoneke. Ngati katswiriyo walakwitsa tsiku kapena wadumpha pepala lofunika, uwu ndi mpata wanu wokonza. Mukasamuka, adziwitseni adiresi yatsopano msanga.

Akandikana ndiye kuti zatha?

Ayi. Ngati bodi yoyamba inangowerenga mapepala, mungapemphe kukaonekera, bola zaka 15 zisanathe. Ikakana, pitani ku yachiwiri. Yachiwiri ikakana, mungapemphe kuti ionenso ngati muli ndi umboni watsopano. Otuluka kuyambira pa 20 Disembala 2019 ali ndi khomo lina lomaliza, Discharge Appeal Review Board, pa nkhani ya mbiri ya utumiki. Kupitirira apo ndi kukhothi la boma, kumene malire ake kawirikawiri ndi zaka 6, ndipo mawerengedwe ake ndi ovuta moti loya afunsidwe mwamsanga.

Ngati munakanidwa m'mbuyomu muli ndi General kapena Other Than Honorable, fufuzani za milandu ya gulu imene inatha ndi mgwirizano: wa Kennedy wokhudza Army mu 2021 ndi wa Manker wokhudza Navy ndi Marine Corps mu 2022. Mabodi anavomera kuunikanso zigamulo zambiri zakale za asilikali a nyengo ya Iraq ndi Afghanistan amene anatchula matenda a maganizo.

Bwanji ngati ndilidi ndi personality disorder?

Si chamanyazi, ndipo chithandizo chilipo. Mungathebe kupempha kuti mawuwo achoke pa DD 214 pa chifukwa cha chilungamo, pakuti palibe phindu limene boma limapeza poulula matenda a munthu kwa bwana aliyense amene akufuna kumulemba ntchito. Dziwaninso kuti munthu angakhale ndi vutoli n'kudwalanso PTSD chifukwa cha usilikali. China sichichotsa chinzake.

Kodi zimenezi zingasokoneze unzika wanga wa America?

Pa unzika wodzera ku usilikali chimene amayang'ana ndi mbiri ya utumiki, ya pa bokosi la 24, ndipo Honorable ndi General zonse zimalandiridwa. Ngati pamenepo palembedwa Other Than Honorable kapena Uncharacterized, onanani ndi loya wa za olowa ndi kutuluka m'dziko musanapereke fomu iliyonse komanso musanakwere ndege kutuluka mu America.

Mwamuna wanga anamwalira, kapena akudwala moti sangalembe. Ndingapemphe ineyo?

Inde, mayi. Mkazi kapena mwamuna wa malemu, m'bale wapafupi kapena womuimira mwalamulo angapereke pempho, atatumiza satifiketi ya imfa ndi ya ukwati, kapena chikalata chomupatsa mphamvu zomuimira. Kukhala kunja kwa America sikuletsa. Pempho limayenda ndi positi kapena pa intaneti.

Ndingapeze kuti thandizo?

Musathamangire kulipira anthu olonjeza chipambano. National Veterans Legal Services Program, The Veterans Consortium, Swords to Plowshares ya ku San Francisco ndi maofesi othandiza anthu pa zamalamulo a m'mayunivesite, monga ya ku Yale, amathandiza mwaulere anthu oyenerera. Disabled American Veterans, American Legion ndi Vietnam Veterans of America ali ndi alangizi ovomerezeka amene salipiritsa. Pa tsamba la VA.gov pali mafunso ochepa amene mukayankha amakuuzani fomu ndi bodi yoyenera. Amene munabwerera kwanu, VA ili ndi Foreign Medical Program imene imalipira chithandizo cha kunja pa matenda amene inavomereza kuti anachokera ku usilikali.

Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire bodi kapena loya. Muli ku America imbani 988 n'kudina 1, usana kapena usiku, kaya chikalata chanu chimati chiyani. Muli kwina, uzani m'bale amene muli naye pafupi akuperekezeni kuchipatala lero lomwe.